Njere Khumi ndi Imodzi

A Natsache anasesa bwalo la depoti ya chimanga kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndipo zisanu ndi ziwiri zomalizirazo anazisesa asakuyankhulana ndi mng'ono wawo. Dzina la Natsache anawapatsa ndi madalaivala a mathiraki, anthu osowa chochita akamadikira pa sikelo, ndipo linawakanirira mpaka kalaliki wa mu ofesi anayamba kuwaitana lomwelo. Iwo sankakwiya nalo. Kunena zoona, pofika nthawi ya nkhani inoyi panalibe chimene chinkawakwiyitsa kapena kuwasangalatsa. Ankadzuka, kuvala ovolosi ndi jombo, kupita, kusesa, kubwerera, kudya chimene chapezeka, kugona. Ukawafunsa kuti adzuka bwanji ankayankha bwinobwino, koma maso ali pa chinthu china kumbuyo kwako.

Ankakhala okha m'chipinda chimodzi kuseri kwa shopu yogulitsa misomali ndi utoto. Amuna awo anamwalira kalekale, ana Mulungu sanawapatse, ndipo asanabwere ku depoti anali atasesapo pa siteshoni ya mabasi ndi m'makalasi a sukulu ina. Masache a ku ofesi ankawakana, ankati n'ngofewa ngati a kusesera pa bedi. Ankagula awo, n'kuwadula kumapeto ndi mpeni kuti alingane, n'kuwamanga ndi mphira wa tayala la njinga. Wina akagwira tsache lawo ankadziwa, ngakhale atalibwezera pamalo pomwepo.

Tsono musamve zoti kusesa n'kuganiza za fumbi ndi mapepala a masiwiti ayi. Depoti imeneyi inkalandira chimanga chochokera kunja kwa dziko, chija asayansi anachisintha chibadwa kuti mbozi zisamachidye, chimene antchito ankangochitcha cha m'botolo. Lamulo linkati chimanga chotere chilowe ndithu, anthu adye, koma chisatuluke pageti chili chosagaya, kuopa kuti wina angakachibzale n'kusokoneza mbewu za m'minda. Ndiye thiraki ikafika, matumba ankapita molunjika ku chigayo cha m'kati mwa mpanda momwemo, n'kutuluka uli ufa. Njere iliyonse yogwera pansi inali mlandu, ndipo mwini mlanduwo anali a Natsache.

Kasesedwe kawo kanali kosiyana ndi ka pakhomo. Pakhomo munthu amasesa chotulutsa kunja; iwo ankayambira kumpanda n'kumasesa cholowetsa m'kati, akuyenda chafutambuyo, kuti pasakhale njere yothawira ku msewu. Akatha ndi tsache ankagwada ndi kawaya kopinda kumapeto, n'kumatokosa m'ming'alu ya simenti. Thiraki ikati ituluke ankaizungulira ndi msomali, kuchotsa njere zokanirira m'mizere ya matayala, tayala ndi tayala, dalaivala akuliza hutala mwamwano. Dalaivala wina wa mimba yaikulu anawafunsa tsiku lina ngati akufuna kuyang'ananso m'mano mwake, iwo n'kumuuza kuti ayasamule. Nthawi imeneyo ankadziwa kuyankha. Zosesa zonse zinkapita mu mgolo wachitsulo kuseri kwa chigayo, n'kuthiridwa palafini, ndipo ikakwana 3 koloko ankaziotcha mlonda akuonerera.

M'nyengo ya mvula ntchito inkawonjezeka. Njere zina zinkawazemba ndithu, n'kumera m'tsinde mwa mpanda kapena m'ngalande, ndiye m'mawa uliwonse ankayendera mpanda wonse, m'kati ndi kunja komwe, akuzula timbewu tisanafike masamba atatu. Nkhunda zokha ndi zimene lamulo linaziiwala. Zinkatera, kutola, n'kuuluka kudutsa pamwamba pa geti popanda wozisecha, ndipo a Natsache ankazithamangitsa ndi tsache mpaka thukuta kamukamu, anzawo akuseka chikhakhali.

Mungafunse kuti munthu wamkulu ankadzivutitsiranji chotere pa ntchito ya tsache. Anayambitsa ndi mayi wina wochokera ku likulu, chaka chimene lamulolo linayamba. Anasonkhanitsa antchito onse mu shedi, n'kuwaonetsa zithunzi pa khoma: munda uku, munda uko, mphepo ikutenga mungu pa ngayaye ya phesi limodzi n'kukauthira pa chimanga cha anthu ena. Anati njere imodzi ikamera n'kukhwima, palibe amene angaiitanenso kuti ibwerere. Kenako anafunsa kuti wosesa pano ndani. A Natsache anaimirira kumbuyo manyazi atawagwira, akuganiza kuti alakwitsa china chake. Mayiyo anawaitanira kutsogolo, n'kuwagwira dzanja, n'kunena pamaso pa abwana ndi madalaivala kuti mwa anthu onse m'shedimo, amene dziko likumudalira kwambiri ndi ameneyu.

Chibadwire chawo palibe amene anali atawauzapo mawu otere, ngakhale malemu amuna awo. Anawapatsa satifiketi ya chidindo chofiira, iwo n'kukaiika mu felemu pamwamba pa bedi. Ndipo popeza alonda onse anali amuna, anawapatsanso ntchito yosecha amayi pageti poweruka: kusisita m'matumba a ovolosi, kufunyulula mipendero, kugwedeza jombo. Ankaigwira ndi mtima wonse osayang'ana nkhope, ndipo ankanyadira kuti sayang'ana nkhope.

Mng'ono wawo ankagwira ntchito pomwepo, yosoka kukamwa kwa matumba a ufa. Kwawo ankamutcha Chitsiriza chifukwa ndiye anali womaliza kubadwa, ndipo a Natsache ndiwo anamulera amayi awo atamwalira, kumubereka kumbuyo, kumumeta, kumukokera ku sukulu akulira. Ntchito ya pa depotiyo anamupezera ndi iwo omwe. Chitsiriza anali wolongolola, woseka mokweza, wochita chilichonse mothamanga, ndipo masana ankadyera limodzi pa benchi ya kuseri kwa chigayo, iye akukamba, iwo akumvetsera.

Tsiku lake linali Lachitatu, kumwamba kutada bii cha m'ma 4 koloko. Chitsiriza anali atasiya zovala pa chingwe kunyumba, ndiye wezulo yoweruka italira anathamangira kugeti osayamba wakhutula jombo zake mu mgolo monga lamulo linkanenera. Anali woyamba pa mzere. Anavula jombo yakumanzere n'kuwapatsira akulu ake akuseka, akuwauza kuti afulumire, mvula ija yafika. A Natsache anaigwedeza, n'kuizondotsa pa chikhatho chawo. Munatuluka njere.

Apa m'pamene pagona nkhani yonse, ndipo tinene mosabisa. Mlonda anali atayang'ana kumbali, akumangirira lona pa kanyumba kake. Amayi enawo anali chapatali. Palibe amene anaona. Kunkangofunika kufumbata dzanja, kulilowetsa m'thumba, mawa n'kukaponya mu mgolo, basi, nkhani ikanathera pomwepo. Chitsiriza anayang'ana dzanjalo, n'kuyang'ana nkhope ya akulu ake, kuseka kuja kusanachoke pamilomo. A Natsache anaitana mlonda.

Anakaziwerengera pa tebulo la kalaliki, akuzikankha ndi nsonga ya cholembera: njere khumi ndi imodzi. Chitsiriza anati zinagweramo zokha pamene thumba lina linaphulika m'mawa, ndipo mwina zinalidi choncho. Ndani angabe njere khumi ndi imodzi? Koma lamulo silinkafunsa kuti zalowa bwanji. Linkati wopezeka pageti ndi chimanga chosagaya achotsedwe ntchito tsiku lomwelo, ndipo abwana a nthawi imeneyo, amene ankanjenjemera akangomva za anthu a ku likulu, anasaina osakweza mutu. A Natsache ankayesa kuti amuchenjeza chabe, kapena kumuimitsa sabata imodzi. Lamulolo anali atalimva kambirimbiri, koma sanaganizepo kuti lingagwire munthu amene iwo anamubereka kumbuyo. Chitsiriza anavula ovolosi mu ofesi momwemo, n'kuipinda bwinobwino, n'kutuluka mvula ikukhuthuka, osawayang'ana.

Kumapeto kwa chaka chimenecho a Natsache anasankhidwa kukhala wantchito wokhulupirika, n'kupatsidwa ambulera pamaso pa anthu onse. Anthu anawomba m'manja, koma kuyambira pamenepo amayi a ku matumba ankasiya nkhani iwo akayandikira, ndipo kumbali ankawatcha Boma. Ambulerayo sanaitsegulepo.

Awiriwa ankakhala moyandikana, misewu inayi yokha pakati pawo. Sabata yomwe ija a Natsache anapita kukagogoda, n'kumva wailesi ikuzimitsidwa m'kati, chitseko osatsegulidwa. Anapitanso patatha mwezi, zomwezo. Chitsiriza anayesa kufunsira ntchito m'malo angapo, koma kalata yake ya ku depoti inkati anachotsedwa chifukwa chotulutsa katundu woletsedwa, ndipo aliyense wowerenga zimenezo ankangomva kuti wakuba. Mapeto ake anagula simbi n'kuyamba kuchapa ndi kusita zovala za anthu. Akakumana pa golosale kapena pa mpopi, Chitsiriza ankawoloka msewu.

Chaka choyamba a Natsache ankalira. Chachiwiri ankakwiya, n'kumang'ung'udza akusesa kuti kodi njerezo anaziika m'jombo ndi iwo. Kuyambira chachitatu zonse zinangoti zii. Mtima unachita dzanzi monga limachitira phazi ukalikhalira nthawi yaitali. Masana ankadyera pa benchi yomwe ija, mbali yawo yomweyo, osasunthira pakati. Chimodzi chokha n'chimene chinawatsalira chogwira: ankadziuza kuti zinali zowawa inde, koma anateteza minda ya anthu, ndipo tsiku lina Chitsiriza adzamvetsa. Ndiye ankasesa molimbika kuposa kale, moti simenti ya pabwalopo inayamba kusalala.

Amene sanasiye kudzawaona ndi mwana wamkazi wa Chitsiriza, namwino wa mu mzinda wina wakutali, ulendo wa masiku awiri pa basi. Anafika Lamlungu lina masana, n'kuwauza kuti wapeza nyumba yokulirapo ndipo akutenga amayi ake akakhale nawo, popeza msana wawavuta, kusita kwayamba kuwakanika. Lole yonyamula katundu inali itapezeka kale, ndipo idzabwera Loweruka la sabata yachiwiri.

"Amayi aakulu, ngati muli ndi mawu, nthawi yake ndi ino," anatero mwanayo. "Kumene tikupitako inu simudzafikako, ndipo iwo sadzabweranso kuno."

A Natsache anati amva. Anamufunsa za ntchito yake, ndi ngati kumeneko kumazizira. Atapita, anakhala pa bedi kudikira kuti mtima uwawe kapena udumphe, koma sunachite chilichonse. Anangoona kuti katani yang'ambika m'munsi, n'kutenga singano. Komabe mutu unkadziwa kuti kwatsala masiku khumi ndi atatu, ndipo analibe mawu ena kupatula omwe aja anali nawo zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, amene sanatsegulitse chitseko.

Mawa lake, Lolemba, anapeza anthu ataunjikana pa bolodi la zidziwitso. Panali pepala latsopano, lolembedwa m'mawu a m'maofesi aja ozungulirazungulira, ndipo kalaliki, bambo wowonda wokonda kufotokozera anthu zinthu, anaima pa sitepe n'kumamasulira. Anati dziko lino lasainirana pangano la zamalonda ndi mayiko amene amatigulitsa chimanga chija. Kwa zaka zambiri mayikowo ankadandaula kuti lamulo logayitsa chimanga pa depoti n'lotsekereza malonda, limachedwetsa mathiraki, ndipo palibe umboni wokwanira woti chimangacho n'choopsa. Nafenso tinkafuna kuti zipatso ndi zikopa zathu zizilowa kwawoko popanda msonkho. Ndiye akuluakulu anakhala pa tebulo zaka zinayi, uyu n'kusiya ichi, uyo n'kusiya icho, ndipo mwa zimene ife tinasiya munali lamulo la pa depoti. Kuyambira tsiku loyamba la mwezi, lomwe linali Lachinayi la sabata yomweyo, chimanga chikakhala ndi chikalata cha kumene chachokera chizidutsa chosagaya, osasecha munthu, osaotcha kanthu.

Wina anafunsa ngati chigayo chitsekedwe, wina ngati ntchito zithe. Kalaliki anati a ku chigayo asamutsidwira ku shedi, ndipo wosesa adzafunikabe popeza fumbi silinasaine pangano ndi aliyense. Anthu anaseka n'kucheukira a Natsache. Iwo anatenga tsache lawo n'kukayambira kumpanda.

Lachinayi litafika zinachitikadi. Chigayo chinaima, moti kwa nthawi yoyamba munthu ankamva mapazi ake poyenda pabwalo. Mathiraki ankakwera pa sikelo, kalaliki n'kudinda chikalata, n'kutuluka, njere zikuwazika mu msewu mpaka pa mphambano. A Natsache anayandikira thiraki yoyamba ndi msomali wawo, dalaivala n'kuwakupizira dzanja kuti mayi, zimenezo zinatha. Itakwana 3 koloko anapita kwa abwana ndi fosholo yodzaza njere kukafunsa kuti azitani nazo. Abwanawa anali atsopano, osadziwa n'komwe kuti pa depotipo panali munthu wotchedwa Chitsiriza. Anati azitaye m'bini, kapena ngati ali ndi nkhuku akazipatse. Poweruka amayi anadutsa pageti osaima, ena akuvina ndi jombo zawo, ndipo a Natsache anaima pamalo pawo posechera manja ali lende kufikira womaliza atadutsa. Popita kunyumba anapeza mayi wina atagwada m'mbali mwa msewu, akuwola njere zija ndi manja n'kumathira m'beseni. Anaima, pakamwa n'kutseguka pokha kuti amuletse, kenako anamulambalala n'kumapita. Ukanawafunsa kuti akumva bwanji tsiku limenelo, akanakuuza za mwendo wawo umene unkawavuta nthawi zina.

Maganizo anawabwerera patapita masiku angapo, akutsuka mgolo umene panalibe anawauza kuti autsuke. Ngati lamulo latha, ndiye kuti mlandu wa Chitsiriza wathanso. Ngati mlandu watha, ndiye kuti palibenso choyambanira. Anaona ngati apeza mawu aja ankawasowa, ndipo mawuwo anali olembedwa kale, ndi boma lomwe. Koma a Natsache inu! Munthu woti ankaona njere imodzi mu mng'alu wa simenti ali chiimire, ichi chokha sanachione.

Anapita kwa kalaliki kukapempha kalata yonena kuti mng'ono wawo sanalakwe. Kalaliki anakanda mutu n'kunena kuti zimenezo sizingatheke, chifukwa pa tsiku limene zinachitikalo unali mlandu ndithu, ndipo pangano silibwerera m'mbuyo kukakonza mafayilo. Chimene akanatha n'kuwajambulira chidziwitso cha pa bolodi chija. Iwo anati ajambule, adindenso chidindo. Anadinda. Ali pakhomo potuluka, a Natsache anatembenuka.

"Ndiye achipeza kuti n'chabwino chimangachi?"

"Pepalali silikunena kuti n'chabwino, silikunenanso kuti n'choipa," anatero kalaliki. "Likungoti agwirizana."

"Nanga minda ija?"

Kalaliki anati za minda pali komiti imene izikumana kawiri pa chaka, n'kubwerera ku makina ake.

A Natsache anapita kwa Chitsiriza Lachinayi la sabata yomaliza, ataweruka, dzuwa likadalipo. Anasamba, kuvala diresi la ku tchalitchi, pepala lili mu envelopu, envelopu m'kachikwama. Pofika anapeza chitseko chili chotsegula, makatoni ataunjikidwa pakhonde. Anagogoda pang'onopang'ono pa chitseko chotsegulacho, akuyembekezera chete wa masiku onse.

"Lowani, achemwali," anatero Chitsiriza.

Bedi linali litamasulidwa n'kutsamiritsidwa kukhoma. Pamene panali zithunzi panangotsala misomali. Chitsiriza anali pa tebulo akusita malaya omaliza a makasitomala ake, ndipo anali atakalamba kuposa mmene ankaonekera patali: imvi m'mbali mwa mutu, zala zotupa m'mfundo, chipsera cha simbi pa mkono. Anaimika simbi, n'kumasula mpando umodzi pa mulu wa mipando yomangidwa kale ndi chingwe, n'kuupukuta ndi dzanja. Anatulutsa m'katoni kapu yokutidwa ndi nyuzipepala, n'kuitsuka, n'kuwapatsa madzi. Anawafunsa za mwendo uja unkavuta m'nyengo yozizira. Anafunsa ngati denga la chipinda chawo likudonthabe pa ngodya paja. Sankaseka, sankawayang'ana kwenikweni, koma ankafunsa, ndipo aliyense wa maso akanaona kuti zinthu zinali zitayamba kale kufewa zokha. Kunkangofunika kukhala pa mpandopo, kumwa madziwo, n'kuyankha za denga.

A Natsache anatsegula kachikwama.

Anati abweretsa nkhani yabwino. Anati lamulo lija latha, mathiraki akungodutsa, pageti sakusechanso munthu, abwana akuti njere muzikapatsa nkhuku. Ankayankhula mothamanga, mawu ochuluka kuposa amene anayankhula chaka chonsecho, dzanja la envelopu litatambasulidwa. Chitsiriza anapukuta manja pa siketi, n'kuvala magalasi, amene a Natsache sankadziwa n'komwe kuti anayamba kuvala, n'kupita pa zenera. Anawerenga mpaka pa chidindo, n'kuyambiranso pamwamba.

"Ndiye chinali chabwinobwino chimangacho?" anafunsa.

"Sananene choncho. Akuti angogwirizana."

"Angogwirizana."

Anavula magalasi. Sanakweze mawu, ndipo akanakweza bwenzi zili bwinoko.

"Achemwali, mukudziwa chimene chandisunga zaka zonsezi? Ndinkati akulu anga si opusa, si oipa mtima. Ndinkati pali chimene anaona, chachikulu, chimene ine sindinachimvetse, ndipo anasankha chimenecho. Zinkandiwawa, koma ndinkati bola ananditaya chifukwa cha chinthu. Ndakhala ndikuzolowera zimenezo pang'onopang'ono, ndipo ndinatsala pang'ono kufika." Analoza ndi mutu diresi la buluu, lositidwa bwino, lopachikidwa pa msomali kuseri kwa chitseko, lokhalo limene linali lisanapakiridwe. "Ilo ndinalisiya kuti ndivale mawa, pobwera kwanu kudzatsanzika."

A Natsache anayang'ana diresilo.

"Ndiye mwandibweretsera pepala, la chidindo, loti panalibe chinthu."

A Natsache anafuna kunena za mayi wa ku likulu uja, za mungu ndi mphepo, za minda ya anthu. Anatsegula pakamwa, koma mawu onse amene anali nawo anali a lamulo, ndipo lamulolo linali litatha sabata yapitayo. Anangoti iwo amayesa zimusangalatsa. Chitsiriza anati akudziwa. Anapinda pepalalo motsatira mizere yake, n'kulibwezera mu envelopu, n'kuliika pamiyendo pawo. Kenako anaima pambali pawo chingwe chili m'manja.

"Mpandowo ndimafuna ndiumange pamodzi ndi inzake."

A Natsache anaimirira. Anasowa poika kapu, n'kuiika pa zenera madzi osamwa. Anadikira mpaka mfundo itamangidwa, poganiza kuti mwina pambuyo pake pabwera mawu ena. Chitsiriza anabwerera ku tebulo n'kuyesa simbi ndi chala chonyowa. Iwo anatuluka, n'kuyenda misewu inayiyo kubwerera kwawo.

Lachisanu sanapite ku ntchito, koyamba chiyambire popanda matenda kapena maliro. Anakolopa m'chipinda, kuwiritsa madzi a tiyi, kutsuka makapu awiri, n'kukhala pa mpando woyang'ana kumsewu chitseko chili chotsegula. Madzi akazizira ankawawiritsanso. Ana a sukulu anadutsa popita, n'kudutsanso pobwerera. Dzuwa litapendeka oyandikana nawo anayamba kuanula zovala, ndipo mmodzi anawafunsa ngati akudwala. Anati ayi, akudikira mlendo.

Kuchokera kwa Chitsiriza kupita ku msewu waukulu pali njira ziwiri, ndipo imodzi imadutsa pakhomo pa a Natsache. Loweruka m'mawa anamva lole ikulira chakumtunda, n'kutuluka kukaima pakhomo. Phokosolo linakula pang'ono, kenako linakhotera ku njira inayo, n'kumachepa mpaka kuzimiririka. Anaimabe pomwepo kanthawi, kenako analowa n'kukabwezera kapu imodzi m'kabati.